Mwana wanga wamkazi sachedwa kupsa mtima

FUNSO: Mwana wanga ali ndi zaka 15. Chiyambire chaka chino ndikangomutuma kuchigayo kapena kumufunsa za foni, amamenyetsa chitseko, kukana nsima, n'kutha masiku awiri osalankhula ndi munthu. Sabata yatha anaswa mbale. Ndamukalipira, azakhali ake amulangiza, koma palibe chasintha. Nditani? Mayi wa ku Domwe, Angonia.

YANKHO: Mayi, kukalipa kumafika mkwiyo utakwera kale, pamene mwana samvanso za munthu. Njira imene akatswiri a zamaganizo amaitcha CBT imagwira ganizo lomwe limadutsa m'mutu mkwiyo usanabuke. Dokotala wa matenda a maganizo Aaron Beck anaiyambitsa ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1975 katswiri wa zamaganizo Raymond Novaco anasonyeza mmene ingathandizire pa mkwiyo. Inu mwati "pita kuchigayo," koma iye m'mutu mwake akuti, "Pakhomo pano ndine kapolo, achimwene akungosewera mpira." Ganizo limeneli ndi lomwe laswetsa mbale.

Mugulireni kope. Pa tsamba ajambule mizere kuti pakhale magawo anayi: chachitika n'chiyani, ndinaganiza chiyani, mkwiyo unafika pati kuyambira 0 mpaka 10, ndinachita chiyani ndipo zinatha bwanji. Azilemba tsiku lomwelo mtima ukatsika, kwa milungu iwiri. Poyamba ambiri amalemba "ndinakwiya" pa gawo la ganizo. Kumeneko n'kumva mumtima, ganizo limakhala chiganizo chathunthu, monga "amandichititsa manyazi dala." Kopelo ndi lake. Mukaliwerenga mobisa n'kumuzenga nalo mlandu, asiya kulemba zoona, ndipo ntchito yonse yathera pomwepo.

Milungu iwiri ikatha, muone zimene zikubwerezabwereza. Mwina ndi madzulo akaweruka kusukulu ali ndi njala, mwina ndi masiku ochepa asanasambe, mwina ndi pamene mwamudzudzula alendo ali pakhonde. M'maganizo akewo afufuze mawu akuti "nthawi zonse," "dala" ndi "palibe amene," chifukwa ndiwo amasonkhezera moto. Ganizo lililonse alifunse mafunso atatu: umboni wake uli kuti, kodi palibe chifukwa china chimene munthuyo wachitira zimenezi, nanga mnzanga akanandiuza zotere ndikanamuyankha chiyani? Alembe ganizo lina loti iye mwini akhoza kulikhulupirira. "Amayi amandikonda, zonse zili bwino" siligwira, chifukwa akudziwa kuti akudzinamiza. "Ntchito zandichulukira, koma ndikhoza kuwauza osakuwa" limagwira.

Apa tikupempheni chinthu. Umboni ukasonyeza kuti mwana akunena zoona, kuti amatunga madzi, kuphika ndi kutsuka pamene anyamata akukhala, gawani ntchitozo mwatsopano. Njira iyi sicholinga chake kuphunzitsa mtsikana kumeza zinthu zopanda chilungamo.

Thupi limachenjeza msanga: mtima kuthamanga, nkhope kutentha, kuluma mano. Akamva zimenezi mkwiyo uli pa 4 kapena 5, akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kakhumi. Ayeserere kawiri pa tsiku mtima uli m'malo, apo ayi tsiku la mkangano sadzakumbuka. Mkwiyo ukapitirira 7, kupuma kokha sikukwanira. Mugwirizane mawu amodzi, monga "ndibwera," oti akanena achoke kwa mphindi 20. Inu musamutsatire, ndipo musazitenge ngati mwano. Iye asakakhale phee akubwereza mkanganowo m'mutu, ayende kapena asese. Nthawi ikakwana abwere nkhaniyo ithe. Akapanda kubwera, ndiye kuti waphunzira kuthawa basi.

Pobwerapo alankhule chonchi: "Amayi, ndimachita manyazi mukandidzudzula pamaso pa alendo, ndikupempha muzindiitanira kumbali." Ayeserere ndi azakhali ake, iwo akhale ngati ndi inu. Tsiku limene wakwanitsa, muuzeni kuti mwaona.

Kusinthika kwadzidzidzi nthawi zina kumabisa zina: matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, mimba, kuchitidwa nkhanza, kapena kukakamizidwa ukwati, umene lamulo la ku Mozambique la mu 2019 limaletsa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Ngati sakugona, akudzicheka, kapena wanenapo zodzipha, bisani mankhwala a m'munda ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Funsani SAAJ, gawo lothandiza achinyamata, kuchipatala cha kwanu kapena ku Ulongwe. Mwana akhozanso kuimba yekha pa 116, nambala yothandiza ana ya Linha Fala Criança, kwaulere.

FUNSO: Anzanga akuti ndikakwiya ndizimenya pilo kuti mkwiyo utuluke. N'zoona? Mtsikana wa zaka 16, Moatize.

YANKHO: Ayi, mwanawe. Ukamamenya pilo uku ukuganiza za amene wakulakwira, mtima umathamangirathamangira, ndipo manja amazolowera kuti mkwiyo umatha ndi chibakera. Siya foni pansi, usayankhe uthenga uliwonse pa WhatsApp mpaka mphindi 20 zitadutsa, samba kumaso ndi madzi ozizira, upume monga tafotokozera pamwambapa. Zimene ukufuna kumuuza munthuyo uzilembe papepala, uziwerengenso mawa lake usanatumize.