Abrams, Leopard 2 kapena T-90: yankho kwa bambo a ku Katete

Bambo ena a ku Katete anditumizira funso pa imelo: "Pakati pa Abrams, Leopard 2 ndi T-90, kasinja wamphamvu ndi uti? Nanga bwanji Poland idakagula akasinja ku South Korea pamene Germany ili pakhomo pomwepo?"

Bambo, pa mzinga musatayepo nthawi yambiri. Abrams wa ku Amereka ndi Leopard 2 wa ku Germany amanyamula mzinga wa mtundu umodzi, wa mamilimita 120, wa kampani ya ku Germany ya Rheinmetall. Ku Amereka amaupanga okha atapatsidwa chilolezo, n'kuutcha M256. Amasiyana kutalika kokha: wa Abrams ndi mamita 5.3, wa Leopard kuyambira mtundu wa 2A6 ndi mamita 6.6, ndipo mpope wautali umapatsa wonga mpata wokankha chipolopolo nthawi yaitali. Choboola kasinja mnzake si bomba ayi, ndi muvi wa chitsulo cholemera kwambiri cha tungsten kapena uranium, wonenepa ngati chala chachikulu cha munthu, wothamanga pafupifupi mamita 1,700 pa sekondi. Muviwo sufuna kuzungulira, n'chifukwa chake mkati mwa mpope ndi mosalala. Britain idakakamira mpope wa mizere mkati yozunguliza chipolopolo pa kasinja wake Challenger 2, zipolopolo zake osagwirizana ndi za anzake a NATO, ndipo tsopano pa akasinja 148 a Challenger 3 ikuika mzinga wosalala wa Rheinmetall.

Ine chimene ndimayang'ana choyamba ndi pamene zipolopolo zimagona, chifukwa moyo wa ana a anthu ali mkatimo uli pamenepo. Mu T-90 wa ku Russia ndi T-72 amene adamutsogolera, makina ndiwo amalowetsa chipolopolo mumzinga wa mamilimita 125. Zipolopolo 22 zimakhala pa mbale yozungulira ngati lichero, pansi penipeni pa mapazi a mkulu wa kasinja ndi woombera. Ubwino wake ulipo: asilikali ndi atatu okha, kasinja ndi wamfupi, kulemera sikufika matani 50. Koma kachitsulo kamoto kakangofika pa mbaleyo, wonga wonse umayaka kamodzi, mutu wa kasinja n'kuuluka ngati chivundikiro cha poto. Mu Abrams zipolopolo zili kumbuyo kwa mutu, kuseri kwa chitseko chachitsulo. Msilikali wachinayi amakankha switchi ndi bondo, chitseko chimatseguka, amasolola chimodzi, chimatsekekanso. Zikayaka, denga la chipindacho lidapangidwa kuti lizuke, moto ulunjike kumwamba. Leopard 2 ali pakati: zipolopolo 15 zili m'chipinda chotere, koma 27 zili kutsogolo pambali pa dalaivala. Akasinja a Leopard 2A4 a Turkey adaonetsa kuopsa kwake ku al-Bab, ku Syria, mu 2016.

Zitsulo zoteteza n'zokhuthala kutsogolo, koma pamwamba n'zopyapyala pa onsewa, ndipo madroni ku Ukraine amamenya pomwepo. Timabokosi mumaona pa T-90 tija tili ndi zophulika zokankha chipolopolo chisanalowe, koma kalikonse kamagwira ntchito kamodzi basi.

Tsopano za Poland. Mu 2022 idapereka ku Ukraine akasinja a T-72 oposa 200, m'khola n'kutsala pang'ono. Inkafuna wobweretsa msanga. Mu April idasaina za Abrams 250, mu August za akasinja a K2 180 a kampani ya Hyundai Rotem ya ku South Korea, ndipo khumi oyamba adatsika pa doko la Gdynia mu December chaka chomwecho. Mu January 2023 idawonjezera Abrams akale 116. Kufulumirako kuli ndi mtengo wake: mitundu itatu, kuphatikizapo Leopard amene inali naye kale, uliwonse masipeya ake ndi amakaniko ake. Abrams ali ndi injini ya turbine ngati ya helikopita, imamwa mafuta kwambiri ngakhale ataima, pamene K2 ndi Leopard ndi a dizilo. Norway idayesa K2 ndi Leopard m'chipale chofewa, ndipo mu 2023 idasankha Leopard 54. Sweden, Finland ndi Denmark onse ali ndi Leopard, kotero sipeya ikasowa umakapempha kwa mnansi. Ine ndikuti Norway idaganiza bwino, koma inalibe moto pakhomo ngati Poland.

Mukafuna kumva kulemera kwake, ganizani za Great East Road. Lole yodzaza, ndi katundu yemwe, siloledwa kupitirira matani 56. Abrams watsopano yekha amaposa matani 65 asanakwere ngolo yomunyamula, pamene T-55 wakale, amene maiko ambiri a mu Africa akadali naye, ndi matani 36. Kuti Abrams achoke ku Lusaka afike ku Gonda Barracks kuno ku Chipata, mainjiniya ayenera kuyamba ayeza mlatho wa Luangwa ndi timilatho tonse ta m'njira, ndipo malole a mafuta azimutsata pambuyo mtunda wonsewo.