Waphunzira zopanga mipando, usathawe chifukwa cha ma app

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa mtsikana amene ali chaka chomaliza pa kosi ya product design, amajambula ndi kupanga mipando, maketulo, zogwirira zitseko ndi zina zotero. Akuti bambo ake akumuuza kuti wataya nthawi, ndalama masiku ano zili mu ma app, asiye akayambirenso computer science. Iye akufunsa ngati kosi ya miyezi itatu ya Figma, pulogalamu yojambulira masikirini a ma app, ingamupezetse ntchito ya UX (user experience), yokonza app kapena chinthu kuti chisavute kugwiritsa ntchito. Makalata oterewa amabwera pafupipafupi, chimasintha ndi dzina basi.

Bambo, mwana watsala pang'ono kumaliza inu mukuti ayambirenso, zoona? UX si kulemba code ayi. Don Norman, amene analowa Apple mu 1993 nkukhala user experience architect, anatchuka ndi buku lake la 1988 lodandaula za zitseko, zija umakankha pomwe umayenera kukoka. Chitseko chabwino chimakuuza chokha pogwira, batani la pa sikirini nalonso lizioneka kuti ndi lodina, osati munthu azingosisita foni kusakasaka.

Tsono iwe mwana wanga, zimene waphunzirazo usazipeputse. Unayezapo dzanja la munthu kuti chogwirira chimukwane, pa foni nkhani ndi yomweyo, chala chachikulu chili ndi pomwe chimalekezera ndipo pofuna kuti chala chisaphonye, Apple imalangiza kuti chodina chisachepere ma point 44 (muyeso wa pa sikirini) mbali zonse. Unazolowera kuyamba ndi kachitsanzo ka katoni usanaononge matabwa, ndiye jambula masikirini papepala upatse anthu asanu ayesere, iwe khala chete uzingoona pomwe akukakamira, osawathandiza olo manja akuyabwe. Chachilendo kwa iwe nchakuti mpando ukatuluka mufakitale watuluka, pomwe app imasinthasintha, pali nthawi yoti netiweki yadula, munthu walakwitsa pasiwedi, sikirini ilibe kanthu chifukwa wangolowa kumene, ndipo zonsezi zimafuna dizaini yake.

Za miyezi itatuzo iwalako. Figma ndi chida chabe, oyidziwa ndi ambirimbiri ndipo a ntchito zoyambira akulimbirana koopsa. Olemba ntchito amafuna portfolio, zitsanzo za ntchito zako, yoonetsa vuto, zomwe unayesa, zomwe zinakanika ndi zomwe unasintha. Maliza kaye digiriyo, projekiti yako yomaliza ikhale chinthu chogwirika chokhala ndi app yake. Ukapanga zimenezo osadumpha zoyesa ndi anthu zija, mwayi ulipo ndithu, kungoti sizachangu.