Yambirani ku Isandlwana, ku Rorke's Drift mukafike masana

Achimwene, mwati muli ndi tsiku limodzi lokha, mukuchokera ku Durban ndi ana, ndipo anzanu akuntchito akukuuzani kuti mungopita ku Rorke's Drift chifukwa ndiko kuli myuziyamu. Ine ndikukupemphani kuti musatero. Malo awiriwa, Isandlwana ndi Rorke's Drift, ndi nkhani imodzi ya nkhondo ya pakati pa Azulu ndi Britain, ya tsiku limodzi, 22 Januwale 1879, ndipo mutu wa nkhaniyo uli ku Isandlwana. Kuyambira ku Rorke's Drift kuli ngati kufika pamaliro anthu akuchokera kumanda.

Ngati mungathe, kagoneni ku Dundee dzulo lake, kuti m'mawa dzuwa lisanakwere mukhale mutafika pansi pa phiri la Isandlwana. Mulipire pakhomo, kenako mupeze munthu wa komweko wolondolera alendo. Apa musaumire ndalama. Popanda wokufotokozerani mudzangoona udzu, phiri looneka ngati chilombo chogona, ndi milu ya miyala yopakidwa laimu ili mbwee m'chigwa monse. Miluyo ndi manda. Pansi pake pali mafupa a asilikali a mbali ya Britain amene anakwiriridwa pomwe anagwera. Ine nditaima pa mulu wina kumtunda, pafupi ndi thanthwe, ndinaona kuti miluyo ikunka ichepa kulowera ku mtsinje wa Mzinyathi, njira imene othawa anadzera. Thupi linachita tsembwe.

Anawo akamve izi ali pamalopo. Lord Chelmsford, mkulu wa asilikali a Britain, analowa m'dziko la Cetshwayo, mfumu ya Azulu, mosapeza chomuopsa, namanga misasa osaitchinga, kenako anatenga theka la asilikali kukasaka Azulu kolakwika. Pamenepo n'kuti gulu la ankhondo pafupifupi 20,000, motsogozedwa ndi Ntshingwayo kaMahole, litabisala m'chigwa cha Ngwebeni, phee. Anadza mwa njira yawo ya nyanga za ng'ombe: chifuwa kutsogolo, nyanga ziwiri kuzinga m'mbali mpaka kukumana kuseri kwa phiri. Mbali ya Britain inataya anthu oposa 1,300, ndipo mazana angapo mwa iwo anali anthu akuda a ku Natal omwe ankamenyera azungu. Masana omwewo kadamsana anaphimba mbali ya dzuwa. Inu a kwa Angoni mukumbukira kuti Zwangendaba naye anaoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litada.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kwa zaka zoposa 100 zipilala zinali zokumbukira mbali imodzi yokha, chonsecho Azulu amene anafa pamenepo poteteza dziko lawo anali ochuluka kwambiri. Chikumbutso chawo chinaikidwa mu 1999. Ndi mkanda waukulu wachitsulo wofanizira isiqu, mkanda umene ankapatsa munthu wolimba mtima kunkhondo. Chili pafupi ndi polowera ndipo ambiri amangochidutsa pa galimoto. Inu mukatsike, anawo akachione bwinobwino.

Masana mupite ku Rorke's Drift, kumene Azulu amati Shiyane. Ndi pafupi, makilomita ngati 15, koma muyende pang'onopang'ono chifukwa ng'ombe ndi mbuzi zimadutsa mumsewu. Myuziyamu yake ndi yaing'ono, ili pamalo pamene panali chipatala chimene chinapsa usiku wa nkhondoyo. Ola limodzi likukwanirani. Kumeneko asilikali a Britain pafupifupi 150 anadzitchinjiriza ndi matumba a chimanga ndi mabokosi a mabisiketi, nalimbana usiku wonse ndi ankhondo a Dabulamanzi, mbale wake wa mfumu, okwana 3,000 kapena kuposerapo. Pansi anayala miyala yosonyeza pamene panadutsa mpandawo, ndipo mukauyenda mudzadabwa kuchepa kwa bwalolo. Kulimba mtima kunalipodi, sindikutsutsa. Koma mamendulo 11 a Victoria Cross, ulemu wapamwamba kwambiri wa ku Britain wa kulimba mtima kunkhondo, amene anaperekedwa chifukwa cha usiku umenewo anathandizanso kuti anthu ku London asalankhule kwambiri za manyazi a ku Isandlwana. N'chifukwa chake ndikuumirira kuti muyambire ku phiri kuja. Musachokenso osaona chikumbutso cha Azulu cha pamenepo, kambuku wachitsulo atagona pa mulu wa zishango.

Mutenge madzi ambiri, zipewa ndi nsapato zotseka, chifukwa mthunzi ndi wosowa ndipo m'udzumo muli nkhupakupa. Kamba wapaulendo mukonzeretu. Anawo muwauze asanatsike kuti asakwere pa milu ya miyala ija kapena kutola kanthu kalikonse pansi. Ngati wamng'onoyo sanakwane zaka 7, kukwera phiri kusiyeni. Pansi pomwepo pali zokwanira kuona.

Mukakhala ndi kanthawi m'mawa wobwerera, Talana Museum ili pa Dundee pomwepo, koma imeneyo ndi ya nkhondo ina, ya 1899 pakati pa Mabunu ndi Angerezi, ndiye musaisakanize ndi ya dzulo lake anawo angasokonezeke.