Nyerere Yolendewera pa Ulusi

Funso: Akonzi, ndinaona nyerere ikuyenda patsamba. Nditaikhudza ndi kamtengo inadumpha n'kulendewera pa kaulusi. Kodi nyerere nazo zimatulutsa ulusi?

Yankho: Zikomo pofunsa. Pafupifupi nyerere zonse zokhwima sizitulutsa ulusi. Chimene munaonacho ndi kangaude wodumpha amene amadzisandutsa nyerere. Inenso tsiku loyamba anandipusitsa, mpaka ndinagwada pansi n'kuyamba kuwerenga miyendo.

Kuwerengako n'kumene kumaulula chinsinsi. Nyerere ili ndi miyendo 6 ndi tinyanga tiwiri, kangaude ali ndi miyendo 8 koma tinyanga alibe. Ndiye kangaudeyu amakweza miyendo iwiri yakutsogolo n'kumaigwedeza m'mwamba ngati tinyanga. Chiuno chake n'chowonda, ndipo amayenda mokhotakhota ngati nyerere yolondola fungo la anzake. Akakutembenukirani mudzaona maso awiri aakulu kutsogolo, pakuti akangaude odumpha amasaka ndi maso, satchera ukonde. Kaulusi kaja ndi chingwe chodzigwirira akadumpha.

Akangaude odumpha alipo a mitundu yoposa 6,000. Mwa otengera nyerere, gulu lotchuka ndi Myrmarachne, dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza nyerere ndi kangaude. Pali gulu linanso losatchulidwa kawirikawiri, la Belippo, lopezeka mu Africa, limene katswiri wa akangaude Eugène Simon analilongosola mu 1910 kuchokera ku kangaude wa pachilumba cha São Tomé. Magulu awiriwa amafanana kwambiri moti kuwasiyanitsa kumafuna maikulosikopu.

Amavutikiranji chonchi? Kangaude ndi wofewa, ndiwo yabwino kwa mbalame, mavu ndi akangaude anzake. Nyerere zimaluma, zambiri zimawawa m'kamwa, ndipo ukaputa imodzi zimabwera chigulu, choncho adani ambiri amazilambalala, ndipo kangaude wooneka ngati nyerere nayenso amapulumukira pomwepo. Katswiri wa zachilengedwe Henry Walter Bates anafotokoza njira yodzitetezera imeneyi mu 1862 ataphunzira agulugufe a ku Amazon.

Amene amandigwira mtima ndi Myrmarachne melanotarsa wa m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Iyeyu anatengera ndi khalidwe lomwe: amakhala ambirimbiri pamodzi, pafupi ndi nyerere za Crematogaster zimene amafanana nazo, chifukwa mdani amaopa kwambiri gulu kuposa nyerere imodzi.

Mukadzamuonanso musamuphe, alibe choopsa kwa munthu. Yang'anani kukamwa kwake. Zibwano zikakhala zazitali zotulukira kutsogolo, ngati nyerere yonyamula katundu, ameneyo ndi wamwamuna.