Mafunso a Owerenga: Kodi uranium wa ku Karonga angakathere m'bomba?

FUNSO: Ndamva kuti uranium amene anagwiritsa ntchito popanga mabomba oyamba a nyukiliya m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, wambiri anachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo. Nanga wathu wa ku Kayelekera, ndani amaonetsetsa kuti sakathera m'bomba? Mlimi wa tiyi, Luchenza.

YANKHO: Bambo, zimene munamvazo n'zoona, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka. Koma pakati pa mgodi ndi bomba pali ulendo wautali. Ku mgodi amaphwanya miyala n'kutulutsa ufa wotchedwa yellowcake, umene amaulongedza m'migolo yachitsulo. Ufawo suphulika. Pa maatomu 1,000 alionse a uranium wokumbidwa pansi, 7 okha ndiwo a mtundu wa U-235, umene umafunika pa bomba. Otsalawo ndi U-238.

Kulekanitsa mitundu iwiriyi ndiye chintchito. Amayamba asandutsa ufawo kukhala mpweya, kenako amaupopera m'makina otchedwa centrifuge, amene ndi mapaipi ozungulira mothamanga kwambiri. Maatomu olemera a U-238 amakankhikira m'mbali, opepuka a U-235 amatsalira pakati, monga mmene gaga amapatukira ndi mphale pa lichero. Kungoti kulemera kwawo kumasiyana pang'ono kwambiri, ndiye pamafunika makina mazana kapena masauzande olumikizana. Uranium wopangira magetsi amafika pa 3 mpaka 5 peresenti ya U-235. Wa bomba amafika cha m'ma 90. Choopsa chili apa: amene wafika pa 20 peresenti amakhala atagwira kale pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a ntchito yonse. N'chifukwa chake maiko amakangana kwambiri pa nambala imeneyi.

Amene amalondera ndi bungwe la IAEA, loona za nyukiliya padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Vienna. Dziko lokumba limayenera kudziwitsa bungweli za ufa umene latumiza kunja, ndipo kuwerengera kwenikweni kumayamba ufawo ukafika ku fakitale yoyenga. Kumeneko oyendera amayeza pa sikelo, amamata zidindo, amaika makamera, ndiponso amapukuta makoma ndi kansalu kathonje n'kukakapima ku labotale, chifukwa fumbi silinama. Amadziwa kuti makilogalamu 25 a U-235 woyengedwa kwambiri, kapena 8 a plutonium (chitsulo china chopangira mabombawa), ndi okwanira bomba limodzi.

Zimalakwika dziko likabisa malo. Iraq inkaonetsa oyendera malo ena pamene ntchito yeniyeni inkachitikira kwina, mpaka zinaululika mu 1991. Kuchokera apo, mu 1997 anakonza mgwirizano wowonjezera wopatsa oyendera mphamvu zofika ngakhale pamalo amene dziko silinawatchule. Kuno kwathu, lamulo la 2011 linakhazikitsa bungwe loyang'anira za nyukiliya la Atomic Energy Regulatory Authority. Ife tikuona kuti aphungu athu azilifunsa bungweli poyera kuti migolo yatuluka ingati ndipo yapita kuti.

FUNSO: Ana a Fomu 4 anandifunsa kuti bwanji maiko ena ali ndi mabombawa koma amaletsa anzawo. Ndiwayankhe chiyani? Mphunzitsi, Chitakale, Mulanje.

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni anawo kuti aona bwino. Pangano la NPT, loletsa kufalikira kwa zida za nyukiliya, limene linayamba kugwira ntchito mu 1970, limavomereza maiko asanu okha amene anaphulitsa bomba chaka cha 1967 chisanafike: America, Russia, Britain, France ndi China. Enafe tinalonjeza kuti sitipanga, iwo analonjeza kukambirana zothetsa zida zawo. Lonjezo lachiwirili ndi limene likutsimphina: padziko pali mabomba pafupifupi 12,000, ndipo ambiri mwa iwo ali m'manja mwa America ndi Russia. India, Pakistan ndi Israel sanalowe n'komwe m'panganoli, ndipo North Korea inalengeza zotuluka mu 2003.

Musaiwale kuwatchulira South Africa. Inapanga mabomba 6, inawaphwasula yokha, n'kulowa mu NPT mu 1991. Pangano loletsa zida za nyukiliya mu Africa, limene linasainidwa ku Cairo mu 1996 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009, limatchedwa Pelindaba, dzina la malo a kafukufuku wa nyukiliya pafupi ndi Pretoria.