Mphete ya chikole yolembedwa Square Emerald Cut: ndibwereketse ndalama kapena ayi?

Alangizi, ndili ndi golosale pa Kamwendo kuno ku Mchinji, ndipo nthawi zina ndimabwereketsa ndalama kwa anthu owadziwa. Mnyamata wina amene amagwira ntchito ku Joni akufuna mpamba wogulira soya, ndipo akuti andisiyire mphete ya dayamondi ngati chikole. Akuti mwalawo ndi Asscher, wodula kwambiri. Koma pa pepala limene wandionetsa palembedwa Square Emerald Cut, dzina la Asscher palibepo. Chinanso, ine ndimadziwa kuti emarodi amakhala wobiriwira, pomwe uwu ndi woyera ngati madzi. Kodi akufuna kundidyera masuku pamutu? Ndine mayi wa pa Kamwendo.

Mayi, pa nkhani ya dzinayi mnyamatayo sanakunamizeni. Komabe musatulutse ndalama chifukwa cha dzinalo.

Mzere umene mwawerengawo sukunena mtundu wa mwala, ukunena kasemedwe kake. Mabungwe oyeza dayamondi, monga GIA la ku America lomwe linayamba mu 1931, amalemba zinthu ziwiri pamzerewu: maonekedwe a mwala mukauyang'ana pamwamba, ndi m'mene timbali take tosalala tayalidwira. Pali kasemedwe ka timbali tosongoka tochokera pakati, kamene kamathwanima kwambiri, ndiye ka dayamondi wozungulira uja mumamuona pa mphete zambiri za ukwati. Pali kena ka timbali titalititali toyalana m'mizere motsata m'mphepete mwa mwala, kutsika ngati masitepe. Ameneyu ndi step cut, ndipo wanuyo ali m'gulu limeneli.

M'gululi maina amasiyana chifukwa cha zinthu ziwiri basi, makona ndi kutalika. Mwala wotalikirapo mbali imodzi, makona ake anayi atadulidwa mpaka kukhala ndi mbali 8, ndi Emerald Cut. Dzinali linachokeradi ku emarodi wobiriwira uja. Mwala umenewu umakhala ndi timing'alu tambiri m'kati ndipo suchedwa kubenthuka, choncho osema anazolowera kuudula makona kuti usasweke pouika pa mphete. Kasemedwe komweko kanafika pa dayamondi, dzina n'kutsalira. Ngakhale miyala ya aquamarine yokumbidwa ku Mzimba kapena ku Lundazi amakonda kuisema chonchi, ndipo nayonso amaitchula Emerald Cut ili yobiriwira motuwa ngati thambo.

Mwala wa makona odulidwa koma mbali zake n'kukhala zofanana ndiye Square Emerald Cut, umene ogulitsa amautchula Asscher. Joseph Asscher wa ku Amsterdam ndiye anayambitsa kasemedweka mu 1902, ndipo banja lomweli ndi limene linang'amba dayamondi wamkulu wa Cullinan mu 1908. GIA silemba dzina la malonda ngati limeneli pamzere wa kasemedwe, imalemba zimene maso akuona. Pa mapepala ena mupeza Cut-Cornered Square Step Cut, akunenabe mwala wa mbali zofanana, makona odulidwa, timbali ta masitepe. Pamene muyenera kutchera khutu ndi pamene munthu wanena kuti Royal Asscher. Amenewo ndi kasemedwe ka kampani ya banjalo ka mu 2001, ka timbali 74 m'malo mwa 58, ndipo mwini wake ayenera kukhala ndi umboni wochokera ku kampaniyo. Makona akapanda kudulidwa, wamtali woonda ndi baguette, wa mbali zofanana ndi carré. Awa kawirikawiri amakhala tating'ono tokometsera m'mbali mwa mwala waukulu.

Mungathe kudzitsimikizira nokha ndi kakyuleta ya pa foni. Pa pepalapo pali manambala atatu a mamilimita, mwachitsanzo 5.60 x 5.50 x 3.70. Gawani yoyamba ndi yachiwiri. Yankho likakhala pakati pa 1.00 ndi 1.05, mwalawo umawerengedwa wa mbali zofanana. Likafika cha m'ma 1.30 mpaka 1.50, ndi Emerald Cut wamba. Mukapeza kuti pepala likunena wofanana mbali koma mwala uli m'manja mwanuwo ndi wamtali, pepalalo ndi la mwala wina.

Tsono ku ndalama. Inu a ku Mchinji mukudziwa kuti kunena kuti fodya ndi wa bale sikunena mtengo wake, mtengo umatuluka pa giredi. Ndi mmenenso zilili apa. Mtengo uli pa kulemera, mtundu ndi kuyera kwa m'kati. Kulemera amakuyeza m'makarati, ndipo karati imodzi ndi magalamu 0.2. Mtundu amaulemba ndi malemba kuyambira D, woyera mbee, kutsika mpaka Z, wopita ku chikasu. Kuyera kwa m'kati amakuyeza ndi galasi lokuza kakhumi, kuyambira FL wopanda chilema mpaka I3 wa zilema zooneka ndi maso. Pa step cut mizere imeneyi ndi yofunika koposa, chifukwa timbali take ndi tatikulu ndipo munthu amaona mpaka pansi pa mwala. Kadontho kamene kangabisike mu dayamondi wozungulira, muno kamaonekera poyera. N'chifukwa chake ogula odziwa amafuna VS2, giredi ya mwala wa timadontho tating'ono kwambiri, kapena kuposa apo. Ndipo musadabwe kuona kuti pepala la GIA silinapereke giredi ya kasemedwe konse. Giredi imeneyo amapereka pa dayamondi wozungulira. Pa wanuyo mupezapo Polish ndi Symmetry, kusalala ndi kulingana kwa timbali.

Mnyamatayo wakokomeza ponena kuti Asscher ndi wodula kwambiri. Kawirikawiri karati ya step cut imatsika mtengo poyerekeza ndi wozungulira wa giredi yomweyo, chifukwa posema sataya mwala wambiri.

Chondidetsa nkhawa ine si dzina, ndi pepalalo. Pepala aliyense atha kusindikiza pa kompyuta pa Boma pomwepo. La GIA lenileni lili ndi nambala, ndipo nambalayo mungailembe pa tsamba lawo la intaneti lotchedwa Report Check n'kuona ngati kulemera ndi mamilimita zikugwirizana. Pa miyala yambiri nambala yomweyo imalembedwa ndi laser m'mphepete mwa mwala, timalemba tosaoneka ndi maso wamba. Yang'ananinso mawu akuti Laboratory-Grown. Ameneyo ndi dayamondi wopangidwa m'fakitale, amene mtengo wake wagwa kwambiri m'zaka zapitazi ndipo pogulitsanso sabweza kanthu kooneka. Kachida kooneka ngati cholembera kamene ena amayezera nako sikasiyanitsa ameneyu ndi wokumbidwa, ndipo kakale kamapusitsidwanso ndi mwala wotchedwa moissanite.

Tiyerekeze zonse zili bwino, mwala ndi weniweni. Soya akagwa mtengo, mnyamata osabweza, mukaugulitsa kwa yani? Pa Kamwendo palibe, pa Mwami palibe amene angakupatseni mtengo wa m'sitolo ya ku Johannesburg. Muyenera kukwera basi mpaka ku Lilongwe, ndipo wogula kumeneko adzakuuzani mtengo wake iye, podziwa kuti mwapanikizika. Chikole chabwino ndi chimene mungachisandutse ndalama msanga kwanu komweko.

Ngati mukufunabe kumuthandiza, tembenuzani mpheteyo muone chidindo cha m'kati. Nambala 375 ndi golide wa makarati 9, 585 ndi wa 14, 750 ndi wa 18 (makarati a golide sanena kulemera, amanena kuchuluka kwa golide weniweni m'chitsulocho). Mukaona 925, imeneyo ndi siliva, ndipo dayamondi wamtengo saikidwa pa siliva kawirikawiri. Pitani naye limodzi kwa wosula zibangili ku Lilongwe, aiyeze inu mukuona, ndipo mumufunse ndalama zimene iye angapereke lero lomwe, osati mtengo wa m'sitolo. Mubwereketse zochepera pamenepo. Pa kalata ya mgwirizano mulembe nambala ya pepala la mwalawo, kulemera kwa mphete, tsiku lobweza ndi zimene zidzachitike likadutsa, asaine pamaso pa mboni ziwiri. Akakana zopita kukayezetsa, muuzeni abweretse chikole china, njinga yamoto kapena matumba a soya yemweyo asungidwe m'nyumba mwanu.