Za ma cereal a tirigu wosakonola, yankho langa kwa mayi wa ku Nchalo

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Nchalo, dzina sinditchula. Akuti bambo a kunyumba kwawo anawapeza ndi shuga ndipo achibale a ku Blantyre awauza kuti azigula Weet-Bix, cereal wa tirigu wa m'bokosi wooneka ngati mabisiketi, m'malo mwa phala, koma bokosi limodzi likumatha masiku ochepa chifukwa ana nawonso akumafuna. Funso lawo ndi lakuti, kodi mu cereal wa tirigu ameneyu muli chiyani kwenikweni, ndipo ndi wofunikadi ndalama yonseyi?

Zikomo mayi polemba. Achibale anuwo sananame, chakudya chimenechi ndi chabwino ndithu. Koma ndikufuna mudziwe chomwe chimachipangitsa kukhala chabwino, chifukwa mukadziwa mupeza kuti zambiri muli nazo kale m'nyumba mwanumo.

Njere ya tirigu ili ngati ya chimanga, ili ndi khungu lakunja lomwe ife timati gaga kapena madeya, ili ndi kamtima kaja komwe mbewu imamerera, kenako ufa woyera wa mkatiwo. Akalemba pa bokosi kuti whole wheat kapena wholegrain ndiye kuti agaya zonse zitatu osachotsapo kanthu, kunena mwachidule ndi mgaiwa wa tirigu basi. Mu gagamo ndi momwe muli faiba, timaulusi tija tomwe thupi siligaya koma timathandiza kuti munthu asadzimbidwe komanso shuga asamakwere mothamanga akadya. Mu kamtimamo muli mafuta abwino, vitamini E, mavitamini a B, ndipo gaga ndi mtima pamodzi ndi zomwe zimasunga ayironi, zinki ndi magineziyamu wambiri wa njereyo. Pa magalamu 100 a tirigu wosakonola mumapezeka faiba pafupifupi magalamu 11 ndi mapuloteni cha m'ma 13, pomwe ufa woyera wa tirigu uja timapangira mandasi faiba wake ndi magalamu 3 okha. Mabisiketi awiri a cereal ameneyu amapereka faiba cha m'ma magalamu 4, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azipeza magalamu osachepera 25 patsiku, ndiye mukuona kuti amathandiza koma sangamalize yekha ntchito.

Tsopano apa ndi pomwe mtima umandipweteka. Ife timanyamula chimanga kupita kuchigayo, tikonoletsa, madeya tipatsa nkhuku ndi nkhumba, mphale tiviika masiku angapo mpaka ufa uyere mbee, kenako titenga ndalama kukagula madeya omwewo a tirigu ali m'bokosi lokongola lochokera ku South Africa. Phala la mgaiwa lili ndi faiba cha m'ma magalamu 7 pa 100 a ufa, silifika pa tirigu koma silili kutali. Nanga mapira ndi mchewere zomwe zimapirira dzuwa la kwathu kuno, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje anthu akhala akulima kuyambira kale? Mapira osakonola ali ndi mapuloteni pafupifupi 10 mpaka 11 pa 100, mchewere ndi wodziwika ndi ayironi, ndipo zonse ziwiri zilibe gluten yemwe amavutitsa anthu ena akadya tirigu. Komanso kafukufuku wa chimanga cha m'Malawi muno anapeza kuti cholimidwa m'dothi la makande la kuno kuchigwa, cha ku Mikalango uko, chili ndi selenium, mchere wina wofunika m'thupi, wambiri kuposa cha madera ochuluka a kumtunda. Dothi lathu limatipatsa zimenezo ulele.

Chomwe cereal wa m'bokosi amaposa nacho ndi ziwiri, safuna moto ndipo makampani ambiri amathiramo ayironi ndi mavitamini a B owonjezera. Kwa munthu wolawirira kuntchito ya nzimbe kusanache zimenezo ndi zothandiza, sindikana.

Koma chonde mayi muziwerenga kumbuyo kwa bokosi, si cereal aliyense ali chimodzimodzi. Pa mndandanda wa zomwe aikamo, choyamba kulembedwa ndi chomwe chachuluka, ndiye ngati choyamba si tirigu wosakonola libwezeni pa shelefu. Onaninso mzere wa shuga pa magalamu 100, ukakhala magalamu 5 kutsika m'munsi ndi wochepa, koma ena aja a chokoleti ndi uchi omwe ana amalirira amapitirira 25. Cornflakes naye anthu amamuika gulu limodzi koma ndi chimanga chokonola, faiba wake ndi wochepa ndipo amakweza shuga msanga, kwa bambowo ayi.

Ndiye pali kadyedwe kathu. Ndaonapo munthu akuthira masipuni anayi a shuga pa mabisiketi awiri, sipuni yaing'ono imodzi ndi magalamu 4, ndiye wamwa kale magalamu 16 dzuwa lisanakwere, pomwe WHO imati shuga wothira asapitirire magalamu 50 patsiku ndipo ndi bwino kwambiri atakhala 25. Kwa bambo a shuga musathire n'komwe, ikani mkaka ndi nsinjiro pang'ono kapena chitowe chokazinga kuti akhute nthawi yaitali. Ndipo musaiwale kuti tirigu ngakhale wosakonola ndi chakudya chokhutitsa ngati nsima yomwe, akadya mabisiketi asanu shuga akwera basi. Muyezo wake kafunseni ku kiliniki komwe amalandira mankhwala, ndipo ngati muli ndi kamakina koyezera, ayeze patatha maola awiri atadya, tsiku lina cereal tsiku lina phala la mapira, muone nokha chomwe thupi lawo likugwirizana nacho.

Tiyi nayenso amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi mukamwera pamodzi ndi chakudya, dikirani kaye ola limodzi. Chomwe chimathandiza ayironi ndi vitamini C, ndipo ife malambe ndi masau tili nawo mbwee pa msika, ufa wa malambe sipuni imodzi mu phala umakoma kwabasi. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno madzi azimwa ambiri, faiba wopanda madzi amamanga m'mimba m'malo momasula.

Za anawo, apangireni phala la mgaiwa kapena mapira lothira nsinjiro kapena ufa wa soya ngati Likuni Phala, sakutaya kanthu. Kungoti mgaiwa muzigayitsa wochepa wochepa, wa sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa cha mafuta a mu kamtima kaja ndi kutentha kwa kuno ufa umayamba kuwawa msanga. Bokosilo mukakwanitsa kugula lisiyireni bambowo pa masiku omwe palibe nthawi yokoleza moto, ndipo mundilemberenso mukayeza shuga wawo pa phala la mapira lija, ndikufunitsitsa kumva.